Ndege Ikafooka M'mwamba, Weramitsa Mphuno

Mwana wanga, poti wasankha ntchito yoyendetsa ndege, khala pansi undimvere, chifukwa m'manja mwakomo mudzakhala miyoyo ya ana a eni.

Choyamba, uzindikire chimene oyendetsa ndege amatcha stall. Si kuzima kwa injini ayi. Ndi mapiko kulephera kunyamula ndege chifukwa mphuno yadzuka mopyola muyezo, mphepo n'kusiya kuyenda bwino pamwamba pa phiko. Pa mafiti 35,000 mpweya ndi wopepuka, ndipo injini zilibe mphamvu yapadera yoti zikuwombole nayo.

Chenjezo la stall likalira, ndege n'kuyamba kunjenjemera, zimitsa autopilot, ukankhe chiwongolero kutsogolo mpaka mphuno iwerame. Mtima udzakuuza kuti ukoke poti ukugwa. Usaumvere, pakuti kukoka n'kumene kumapha.

Ukatero, linganiza mapiko. Usathamangire kuwonjezera moto wonse, chifukwa injini zokhala kunsi kwa mapiko zimadzutsanso mphuno. Lolera kutsika mafiti masauzande angapo. Kutalika uli nakoko kuli ngati chimanga cha m'nkhokwe: chimasungidwira tsiku la njala, ndipo tsikulo ndi lomwelo. Liwiro likabwerera, dzutsa mphuno pang'onopang'ono. Ukakoka mwaphuma, stall idzakugwiranso kachiwiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 1 Juni 2009, ndege ya Air France 447, ya mtundu wa Airbus A330, inali pa ulendo wochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris usiku. Timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, autopilot n'kudzizimitsa. Woyendetsa wamng'ono anakoka chiwongolero, ndege n'kukwera mpaka pafupi mafiti 38,000, mapiko n'kufooka. Chenjezo linalira masekondi 54 osalekeza. Liwiro litachepa kwambiri, makina anasiya kulikhulupirira, chenjezo n'kuti zii! Akati aweramitse mphuno, linkaliranso, motero njira yopulumukira inkaoneka ngati yolakwika. M'mphindi zosakwana zinayi ndege inagwera m'nyanja ya Atlantic, injini zonse ziwiri zikugwira ntchito. Anthu onse 228 anatsikira kuli chete. Choncho, mwana wanga, usadalire chipangizo chimodzi. Yang'ana kumene mphuno yaloza ndi mmene ukutsikira, ziwirizo zikuuza zoona.

Komanso uzilankhula. M'ndege ija woyendetsa aliyense anali ndi chiwongolero chake cham'mbali, ndipo mnzake sankamva m'dzanja mwake zimene winayo ankachita. Mkulu wawo, amene ankapumula, anabwerera zinthu zitasokonekera kale. Mutu umodzi susenza denga. Ukagwira chiwongolero nena mokweza kuti wagwira ndiwe. Ukaona mnzako akukoka, muuze mosapita m'mbali, ngakhale akhale wamkulu kwa iwe, pakuti ulemu wobisa ngozi si ulemu.

Potsiriza, usalole kompyuta ikuphe manja. Ukalowa mu simulator, pempha aphunzitsi ako akubwerezetse stall ya m'mwamba mpaka dzanja lizolowere kukankha lokha. Tsiku la ngozi sudzapeza mpata wofunsa, ndipo amene wawanyamula kumbuyoko sadzadziwa n'komwe kuti moyo wawo watsamira pa zimene unazolowera.