Tiwakumbukire ndi mbale yanji?

Sabata ino nkhani yanga ndi yakutali, ya anyamata a ku Canada amene anafera m'ndege za nkhondo, koma funso lake ndikufuna tithandizane.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anyamatawa anadzipereka okha kupita ku England kuti azikaponya mabomba ku Germany. Ndege imodzi, Lancaster kapena Halifax, inkatenga anthu 7. Ankanyamuka dzuwa litalowa, ndipo munthu ankayenera kukwanitsa maulendo 30 kuti apumeko. Ambiri sanafikepo. Gulu lonselo, lotchedwa Bomber Command, linataya anthu 55,573, ndipo oposa 10,000 mwa iwo anali a ku Canada. Ambiri anali a msinkhu wa anyamata amene amanditsitsira madengu a tomato kumsika kuno, ena asanakwatire n'komwe.

Mmodzi mwa iwo ndi Andrew Mynarski wa ku Winnipeg. Mu June 1944 ndege yawo inawomberedwa ku France ndipo inagwira moto. Anzake akudumpha ndi maparachuti, iye anaona kuti Pat Brophy, wa mfuti ya kumchira, watsekeredwa. Anadutsa m'moto, nayesa kutsekula ndi nkhwangwa, kenako ndi manja, mpaka zovala zake zinayaka. Zitakanika anadumpha ali moto lawilawi, ndipo anamwalira ndi mabalawo. Brophy anapulumuka ndegeyo itagwa, ndipo ndi amene anadzafotokoza nkhaniyi. Inu, munthu wotere mungamuiwale?

Koma taimani kaye. Mu July 1943 ndege zomwezi, za a ku Canada zili momwemo, zinaponya mabomba mumzinda wa Hamburg. Moto unakula mpaka phula la mumsewu linasungunuka. Anafa pafupifupi 40,000, ambiri anthu wamba. Ine ndikamva zimenezi sindiona asilikali ayi. Ndimaona mayi ngati ine, amene madzulo anawerenga ndalama zake, nkugoneka ana, osadziwa kuti kunja sikumuchera.

Ndiye tiwatche chiyani anyamatawa, ngwazi kapena akupha?

Wina anena kuti nkhondoyo anaiyamba ndi Hitler, ndipo n'zoona. Ndege zake zinali zitatentha kale Warsaw, Rotterdam ndi London, ndipo boma lake linapha Ayuda 6 miliyoni. Munthu wotere sakanasiya chifukwa chomunyengerera. Komanso mnyamata wa zaka 21 sankasankha koponya. Ankasankha ndi akuluakulu monga Arthur Harris, ali pansi mu ofesi. Zonsezi ndikuvomera. Koma mwana wa ku Hamburg anavotera ndani? Mawu akuti "ndinangotumidwa" amachepetsa mlandu, koma sadzutsa wakufa.

Eni ake nawonso funsoli linawavuta. Mu 2007 nyumba yosungira mbiri ya nkhondo ya ku Ottawa inasintha mawu a chikwangwani chake asilikali akale atadandaula kuti akuoneka ngati zigawenga. Ku London chipilala cha Bomber Command chinatsegulidwa mu 2012, patatha zaka 67 nkhondo itatha. Ambiri mwa amene anapulumuka anafa asanachione. Kuchedwa konseko kunali manyazi, ndipo manyaziwo anagwera ana otumidwa m'malo mwa owatuma. Zimenezo ine ndimati si chilungamo.

Kumsika kuno tonse timaidziwa mbale yogogoda pansi. Ukaiona kunja ndi yodzaza bwinobwino, koma wogula akafika kunyumba ndi pomwe amadziwa kuti wabedwa. Kukumbukira nakonso kuli ndi mbale zotere. Amene amangotchula kulimba mtima kwa Mynarski, osatchula Hamburg, wagogoda mbale. Amene amangotchula Hamburg, nkuiwala kuti anyamatawa anakwera ndege akudziwa kuti mwina sabwerako, pofuna kuletsa choipa chenicheni, nayenso wagogoda mbale.

N'chifukwa chake chinthu chimodzi pa chipilala cha ku London chinandikhudza. Denga lake lili ndi chitsulo cha ndege ya Halifax ya a ku Canada imene inagwa ku Belgium mu 1944, ndipo mawu olembedwa pamenepo amakumbukiranso anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba. Woponya ndi woponyeredwa ali pansi pa denga limodzi.

Ndikudziwa, pamaliro sitinena zoipa za malemu, ndipo mwambowo ndi wabwino pa tsiku loika. Koma patapita zaka 80, kubisa theka la nkhani si ulemu ayi, ndi kuphunzitsa ana athu kuti nkhondo ndi yoyera. Ine anyamatawa ndimawalira, ndipo mayi uja wa ku Hamburg ndimamuliranso. Sindinapeze chifukwa chosankhira mmodzi.

Nanga inu, akanakhala mchimwene wanu ali m'ndegemo, mukanafuna palembedwe chiyani pamanda pake? Nanga akanakhala mayi anu ali pansipo? Tiyeni tikambirane.