Musabwerere ku Nthambi Kachiwiri

Sabata ino tiwerenge Deuteronomo 24:19-21.

Ambiri muli ndi kabotolo ka mafuta odzozera m'chikwama kapena pafupi ndi bedi. Koma munaganizako komwe mafuta amenewo achokera?

Amafinyidwa kuchokera ku zipatso za azitona. Ku Israeli ndi ku Palestina amakolola mu Okutobala ndi Novembala, pomwe ife kuno ku Chongwe tikuyang'ana kumwamba kudikira mvula. Amayala nsalu pansi, n'kumamenya nthambi ndi ndodo kuti zipatso zigwe. Kale ankaziphwanya ndi mwala wamphero, n'kuzipanikiza m'madengu mpaka mafuta atuluke. Dzina loti Getsemane litanthauza mofinyira mafuta, ndipo m'munda umenewo mukadali mitengo 8 yakalekale. Akatswiri atapima itatu mwa iyo, anapeza kuti ili ndi zaka zoposa 800.

Manje mverani lamulo limene Mulungu anaika pa mtengo umenewu. Mwini munda akagwetsa zipatso kamodzi, asabwererenso kukafufuza nthambi. Zotsalira si zake. Ndi za mlendo, mwana wamasiye ndi mayi wamasiye.

Mwaona? Mafuta amene timakonda kudzozera achokera ku mtengo umene Mulungu anasungirapo gawo la osauka. Ndiye tingafuule bwanji “moto, moto” ndi botolo m'manja, pomwe gogo wa pafupi nafe wagona ndi njala masiku awiri?

Kumbukirani Boazi. Anauza anyamata ake kuti asiyeko ngala za barele kuti Rute, mlendo komanso wamasiye, akunkhe. Rute anabala Obedi, Obedi anabala Jese, Jese anabala Davide. Ndipo ndi pamutu pa Davide pomwe Samueli anatsanulira mafuta. Kudzoza kwa mfumu kunayambira pa khunkha! Aleluya!

Chilala cha 2024 simunachiiwale. Mukudziwa mmene zimawawira kugula pamela tsiku ndi tsiku, kapena kuphika ndiwo zopanda saladi. Nkhokwe zikuchepanso, ndipo Januwale sali patali.

Inu mulibe azitona, koma nthambi muli nazo. Wina ndi thumba la chimanga, wina ndi dimba la repu ndi tomato, wina ndi kantemba, wina ndi malipiro a pamwezi. Musakokolole zonse. Wogwira ganyu m'munda mwanu mulipireni dzuwa lisanalowe. Meda imodzi ya chimanga ipite kwa amayi amasiye amene mukuwadziwa ndi dzina. Pitani nokha, mwakachetechete, osajambula zoika pa WhatsApp.

Tipemphere: Atate, ndikhululukireni pomwe ndinakolola mpaka nthambi yomaliza. Tsegulani dzanja langa, ndipo nsupa ya m'nyumba mwanga isaume, m'dzina la Yesu. Amen.

Musanagone lero, sankhani khomo limodzi lomwe mukagogode Sande isanafike.