KODI KUGWIRA KHADI LA MWINI NDIKO KUBA?

Makolo athu sanadziwa loko kapena kiyi, koma anadziwa bwino lomwe kuti nkhokwe iri ndi mwini wache. Munthu wopezedwa usiku atatsamiritsa makwerero pa nkhokwe ya mnzache sanali kupulumuka pa bwalo ponena kuti, Taonani, dengu langa liri lopanda kanthu. Akulu anali kumfunsa mau amodzi okha: Nanga makwererowo anakutuma ndani? Masiku ano nkhokwe za anthu ambiri zasamukira ku banki, ndipo khomo la nkhokwezo ndilo kakhadi kaja kolowa m'thumba la malaya, pamodzi ndi nambala yache yachinsinsi. Tsono pabuka funso limene tifuna kuti tilisinkhe pamodzi: kodi munthu wogwira khadi la mnzache, mwini wache osalola, walakwa kale, ngakhale sanatape nalo tambala ndi imodzi yomwe?

Chinthu ichi n'chatsopano pakati pathu. Makina oyamba otulutsa ndalama anaimikidwa ndi banki ya Barclays ku London m'chaka cha 1967, ife tisanayambe ndi kuwerenga makwacha komwe, pakuti kwacha inadza mu 1971. Mu 2015 mabanki a dziko lino analumikiza makina ao, kotero kuti khadi la banki imodzi likhoza kutapa ndalama pa makina a banki ina. Thandizo la Mtukula Pakhomo, limene linayambira ku Mchinji mu 2006 ndi kufika m'maboma onse pofika 2018, lalipidwa m'madera ena kudzera ku banki kapena pa foni. Ndipo mu 2017 akulu onse analembedwa kuti alandire chiphaso cha unzika. Chotero kuno ku Neno, kumene kunakhala boma pa lokha mu 2003 popatuka ku Mwanza, mphunzitsi, wa nchito ya chipatala, mlimi wa kachewere ndi agogo osadziwa kulemba, onse ali ndi kanthu kolembedwa dzina lao kamene katsegula chuma chao.

Tiyambe ndi lamulo la Boma. Buku la malamulo a milandu lochedwa Penal Code, limene linayamba kugwira nchito mu 1930 ndipo lakonzedwa kambiri chiyambire, litanthauzira kuba pa ndime 271. Ndipo tanthauzolo n'lotakata kuposa momwe ambiri aganizira. Wakuba si yekhayo wotenga chinthu kuti asachibwezenso. Wotenga cha mwini mwachinyengo kuti akachiike chikole kwina, wabanso. Wotenga ndalama za mwini kuti achite nazo monga afuna, wabanso, ngakhale mumtima mwache ati adzabweza pa kutha kwa mwezi. Ndime 278 iika chilango cha kuba wamba kufikira zaka 5 m'ndende. Ndime 329 ikhudza munthu wogwidwa ali ndi chinthu chokayikitsa kuti chinabedwa kapena chinapezeka mosayenera: akalephera kufotokozera bwalo mokwanira za kumene anachitenga, ali ndi mlandu. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inaonjezapo lamulo la zochitika pa makina ndi pa intaneti, limene linaletsa kulowa m'zosungidwa za munthu wina pa makina popanda chilolezo. Kwina anapitirira pamenepo: ku Texas, m'dziko la America, kungokhala ndi khadi la mwini, iye osalola, ndi cholinga chakuti ukaligwiritse nchito, ndi mlandu pa wokha.

Koma bwalo la majisitireti liweruza zimene zafika pamaso pache, ndipo zambiri za makhadi sizifikako, popeza zichitika m'nyumba zathu ndi pakati pa odziwana. Chifukwa chache tiyenera kuyang'ana anthu atatu amene apezeka ndi khadi losakhala lao.

Woyamba ndiye wotola. Munthu apeza khadi pa msika wa ku Zalewa, nati, Chotola si chakuba. Mlandu wache ngwaufupi. Lamulo lomwe lija likhululukira wotola pokhapo ngati sadziwa mwini chinthucho, ndipo ali ndi chifukwa chokwanira choganizira kuti mwiniyo sangapezeke. Koma khadi liri ndi dzina la banki pamaso pache, ndipo bankiyo idziwa mwini wache. Nkhuku yosokera sinena kwao, khadi linena. Wolisunga m'thumba sabata yonse, osalipereka ku banki, ku polisi kapena kwa mfumu, adzifunse yekha chimene ali kuyembekeza.

Wachiwiri ndiye mbale, ndipo apa mpobvuta. Tonse tidziwa dziko lathu. Kuchokera ku mapiri a kwa Dambe kutsikira ku boma, kapena kuchokera ku midzi ya ku Lisungwi kunka kumene kuli makina a ndalama, si ulendo wa nkhalamba, makamaka pa dzinja pamene misewu iterera ndi mitsinje idzala. Agogo sakhoza kupita. Maso ao sapenya manambala. Ayenera kutuma munthu, ndipo mdzukulu wotumidwayo achita nchito yabwino imene palibe angaitsutse. Tikadati munthu aliyense wopezeka ndi khadi la wina ndi mbala, tikadatsutsa ana okoma mtima pamodzi ndi oipa.

Koma taonani momwe chinthucho chisandulikira. Mwezi woyamba mdzukulu abwera nazo ndalama zonse, nabweza khadi. Mwezi wachiwiri ati, Agogo, ndilisunge ine, kuti lingatayike. Mwezi wachitatu achotsako ya mayendedwe osanena. Wachinai abwereka pang'ono, nati mumtima, Ndidzabweza ndikagulitsa nachesi. Potsiriza agogo afunsa khadi lao, ndipo ayankhidwa mwaukali, Kodi mundiyesa wakuba? Nkhalambayo ikhala chete, pakuti ndiye amene aitungira madzi, ndiye adzaiika m'manda. Tsono tinene kuti kulakwa kunayamba mwezi uti? Ambiri ati wachitatu, pamene ndalama zinayamba kuchepa. Ife titi kunakhwima tsiku limene mwini khadi anaopa kufunsa chache. Pakuti chimene agogo anapereka poyamba chinali utumiki wa tsiku limodzi. Sanapereke ulamuliro wa pa chuma chao. Wobwereka khasu kuti akapalire mzere umodzi sanapatsidwe munda.

Zoterezi zachitika ndi pakati pa mwamuna ndi mkazi. Banja likhoza kupangana kuti khadi likhale kwa mai, chifukwa bambo adziwa yekha kuti pa tsiku la malipiro miyendo yache ikhotera ku mowa. Pangano lotero n'lanzeru, ndipo lapulumutsa ana ambiri ku njala. Koma mwamuna wolanda khadi la mkazi wache ndi mau akuti, Mutu wa banja ndine, kapena mkazi wolisolola m'thumba mwamuna ali m'tulo, sanapangane ndi munthu. Ukwati uphatikiza chuma, koma suchotsa kupempha.

Wachitatu ndiye wa katapila. Tiyerekeze mphunzitsi amene mwana wache wadwala pakati pa mwezi. Apita kwa wokongoza, natenga K50,000 kuti adzabweze K75,000, nasiya khadi ndi nambala yache yomwe ngati chikole. Tsiku la malipiro wokongozayo atsogola ku makina, natapa zache, nabweza zotsala. Zotsalazo sizifika pa kutha kwa mwezi, ndipo mphunzitsi akongolanso. Khadi ligonera komweko mwezi ndi mwezi, kufikira munthu agwira nchito ya Boma koma malipiro ache alandira wina. Wokongoza adzati, Sindinamlande; anabwera nalo yekha, nandipatsa ndi manja awiri. Adzatinso, Ndikapanda kugwira khadi, ndalama zanga zidzabwera bwanji, popeza anthu akongola akulira koma abweza akuthawa? Mau awa sitiwanyoza. Ngongole iyenera kubwezedwa, ndipo wokongola wothawa alakwa.

Koma pali chikole ndi chikole. Wosiya njinga kapena wailesi wasiya chinthu chimodzi cha mtengo wodziwika. Wosiya khadi ndi nambala wasiya chakudya cha banja lonse, cha mwezi uno ndi cha miyezi isanafike, ndipo wokongoza akhala mwini mlandu, woweruza ndi wolanda, onse atatu pamodzi. Lamulo la Mose, pa Deuteronomo 24, linaletsa wokongoza kutenga mphero ngati chikole, chifukwa mphero ndiyo idyetsa nyumba. Abale athu amene anagwirako nchito ku Joni adziwa kuti nzeru yomweyo inalembedwa m'lamulo la ngongole la South Africa la 2005: kumeneko wokongoza saloledwa kusunga khadi la ku banki, chiphaso kapena nambala yachinsinsi ya wokongola, ngakhale wokongolayo abvomere, ndipo apolisi agwira okongoza opezeka ndi milu ya makhadi a nkhalamba. Kuno kwathu lamulo lochedwa Loans Recovery Act lipatsa bwalo mphamvu yakuunikanso ngongole ya chiwongola dzanja chopitirira muyezo. Tinaonanso, chiyambire thandizo la feteleza wotsika mtengo la 2020, anthu akumangidwa atapezeka ndi ziphaso za unzika za alimi ambiri, zina zogulidwa kwa eni ache pa nthawi ya njala. Eni ziphasozo anabvomera. Koma anabvomera ndi mimba, si ndi mtima ai, ndipo munda unagona wopanda feteleza.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Kulola si mau a pakamwa okha. Munthu womira m'madzi akhoza kukulonjeza ng'ombe zache zonse kuti umponyere chingwe, koma palibe mfumu yolungama ingakupatse ng'ombezo. Chilolezo chenicheni chiri ndi zizindikiro zitatu. Choyamba, mwini adziwa chimene walola: ndalama zingati zalowa, zingati zatuluka, ndi kapepala ka pa makina kaonetsedwa kwa iye kapena kwa mboni yodziwa kuwerenga. Chachiwiri, analola wopanda mantha, osakakamizidwa ndi nkhonya, ndi njala, kapena ndi kuopa kusiyidwa yekha. Chachitatu, ndicho choposa: akhoza kunena lero lino, Ndipatse khadi langa, nalilandira dzuwa lisanalowe, popanda mkangano. Pamene chachitatuchi chasowa, wogwira khadi salinso wotumidwa kapena wosunga. Wakhala wotsekera munthu kunja kwa nkhokwe yache.

Chotero yankho lathu pa funso lija ndi ili. Inde, walakwa kale. Asanatape ndalama watapa mtendere wa mnzache, amene agona osadziwa ngati m'mawa adzapeza kanthu. Watapanso ulemu wache, pakuti wamsandutsa wopempha pa chuma chache chomwe. Ngati bwalo la Boma lidzaucha mlanduwo kuba, kapena dzina lina, ziri kwa oweruza; koma mtima wa munthu suyembekeza samani.

Tsono, abale, tichite zotheka. Inu osungira makolo, tengani khadi pa tsiku la ulendo, mulibweze madzulo ache, ndi kuwerengera ndalama pamaso pa munthu wachitatu. Kutero sikunyoza kukhulupirika kwanu, koma kukuchinjirizani ku milomo ya anthu. Inu eni makhadi, musalembe nambala pa khadi pomwepo; likatayika kapena likakanizidwa, uzani banki msanga kuti alitseke ndi kukupatsani lina, pakuti ndalama ziri m'dzina lanu, si m'dzina la wogwira khadi. Inu okongoza, lembani pangano pa pepala, muike mboni, mutenge chikole chimene sichizimitsa moto wa pa nyumba ya mnzanu. Ndipo inu mafumu ndi akulu a m'midzi, funsani nkhalamba zanu mwakachetechete, pamene adzukulu palibe, kuti khadi lao ligona kuti. Ambiri sadzadandaula okha, koma akafunsidwa adzanena.