Kholo Likakweza Ndodo pa Mwana Wake

M'nyumba zina za pa Kameza muli mtanda umene eni ake amausenza mwakachetechete. Amayi amene adalera ana nawaphunzitsa kupemphera, lero samzindikira mwana wao. Dzuwa likapendeka amamutcha mbala, amamtukwana, mwinanso kumkwezera ndodo. Anansi nayamba kunong'onezana kuti agogowo ndi mfiti. Nanga mkhristu achitenji?

Choyamba, adziwe kuti imeneyi ndi nthenda ya ubongo, imene madokotala amaitcha dementia. M'chaka cha 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adafotokoza mtundu wake wina atapima ubongo wa mayi amene adamwalira ku Frankfurt. Nthendayi imafafaniza maina, nkhope ndi njira. Tsono munthu amene sadziwa yemwe akumvula zovala kuti amsambitse, adziteteza monga achitira aliyense wogwidwa ndi mlendo. Ukali wake ndi mantha. Eklezia amaphunzitsa kuti tchimo lalikulu limalira kudziwa ndi kufuna. Pamene nzeru zatha, mlandu palibe. Wochimwa ndiye amene abwezera ali ndi nzeru zake zonse.

Ufiti usatchulidwe konse. Mu Januwale 2016 anthu a ku Neno adapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Imfa zotere zimayamba ndi lilime.

Chachiwiri, wosamala wodwala afunefune chimene chautsa ukaliwo. Kawirikawiri ndi ululu umene wodwala sangathe kuutchula, njala, ludzu, kudzimbidwa, phokoso kapena mdima. Asatsutsane naye, pakuti mkangano ndi munthu woiwala ulibe wopambana. Amdzere kumaso, osati kumbuyo, alankhule motsitsa mau ndi kunena dzina lake. Ndodo ikakwezedwa, afutuke, achotse ana, adikire mtima ugwe. Mipeni, zikwanje ndi machesi zibisidwe, nyale iyatsidwe kusanade. Kummanga ndi chingwe, kumtsekera kapena kummana nsima ndi nkhanza pamaso pa Mulungu. Ambiri amene aiwala ana ao amakumbukirabe nyimbo za Misa ndi mapemphero a kolona, ndipo zimenezi zimawakhazika mtima pansi. Ukali ukabuka mwadzidzidzi, makamaka ndi kutentha thupi kapena kuvutika pokodza, apite naye msanga ku chipatala chapafupi kapena ku Gulupu, popeza nthenda ina yochizika ingakhale itabisala pamenepo.

Chachitatu, mtanda uwu si wa mwana mmodzi. Amene sagona usiku ndi usiku adzatopa, ndipo wotopa sachedwa kupsa mtima. Akapsa mtima asataye chikhulupiriro, koma akalape ndi kupempha thandizo. Akatekisiti alembe makomo otere, akhristu a m'limana azisinthana kukhala ndi wodwala, ndipo Bambo Mfumu aitanidwe kudzapereka Sakramenti la Kudzoza Odwala.

Buku la Siraki, mutu 3, limachenjeza mwana kuti asanyoze bambo wake nzeru zikamthera. Papa Fransisko nayenso, m'chaka cha 2021, adakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba pa Lamulungu lachinayi la Julaye, pafupi ndi chaka cha Yoakimu ndi Anna oyera. Lamulo lachinayi silitha pamene kholo laiwala dzina la mwana wake. Mulungu amene sawaiwala onse awiri awapatse mphamvu ndi mtendere.