Kodi Timu Imusunge Kapena Imutaye Wosewera Wovulala?

Mpira ndi ntchito ya thupi. Mlembi akathyoka mwendo amapitiriza kulemba, mphunzitsi akabinya bondo amatha kuphunzitsa atakhala pampando, koma wosewera mpira akavulala ndiye kuti khasu lake lathyoka. Pamenepa mpamene atsogoleri a timu amakumana ndi funso lovuta: kodi amusunge munthuyo, namulipira ndi kumuchiritsa pamene sakuwagwirira ntchito, kapena amutsanzike kuti malo ake alowepo wina wamiyendo yamphamvu?

Funsoli silili kutali ndi anthu a m'munsi mwa phiri la Dedza. M'chaka cha 2022 timu ya Dedza Dynamos inayamba kusewera mu ligi yaikulu ya dziko lino. Ligiyo inali ndi matimu 16, ndipo atatu otsiriza ankatsitsidwa pakutha pa chaka. Timu ya kuboma yotere siikhala ndi nkhokwe yonga ya matimu akale a mumzinda wa Blantyre kapena Lilongwe. Imadalira ndalama za pachipata ndi chifundo cha oithandiza. Pansi pake pali matimu ang'onoang'ono ochuluka, a ku Linthipe, ku Lobi, ku Mayani ndi kwina, amene chuma chawo chonse ndi zopereka za ochemerera. Tsono tisafulumire kunena kuti mtsogoleri amene akuganiza zochotsa wovulala ndi munthu wouma mtima. Mwina ndi munthu amene wawerenga ndalama zili m'thumba napeza kuti sizikwanira onse.

Maganizo ake ngomveka. Iye amati timu ilipo kuti ipambane, ndipo ikatsitsidwa, amene ataye malipiro si munthu mmodzi koma osewera onse pamodzi ndi mabanja awo. Ndalama yolipira munthu wogona kunyumba ndi yomwe ikanagula mafuta a basi kapena kulemba mnyamata wina amene akudikira mwayi wake. Amatinso wosewerayo analowa m'bwalo akudziwa kuti mpira umavulaza. Mfundo yoyamba ndi yolemera ndithu. Yachiwiriyi ndi yopepuka, pakuti nayo timu inamulowetsa m'bwalomo ikudziwa chimodzimodzi. Walira mvula walira matope. Amene anakondwera ndi zigoli za mnyamatayo sangakane bondo limene linathyoka pofunafuna zigolizo.

Anthu ambiri ofuna kuti wovulala asungidwe amakonda kutchula nkhani ya ku America. Kumeneko kuli masewero otchedwa baseball, momwe munthu mmodzi amaponya kampira kolimba mwamphamvu kuti mnzake wa timu ina alephere kukamenya ndi chibonga. Woponyayo ndiye mtima wa timu, ndipo chuma chake chonse ndi mkono. M'chaka cha 1974 Tommy John, woponya wa timu ya Los Angeles Dodgers, anaduka mtsempha wolumikiza mafupa a pachigongono cha mkono wake wamanzere. Masiku amenewo kuvulala kotere kunali kutha kwa ntchito. Dokotala wa timuyo, Frank Jobe, anayesa chinthu chachilendo: anachotsa mtsempha kumkono wamanja naukulunga pachigongono chovulalacho. Chaka chonse cha 1975 John sanasewere, koma timu inamusunga. Anabwerera mu 1976, nasewera mpaka 1989 ali ndi zaka 46. Mwa masewero 288 amene anapambana pa moyo wake, 164 anawapambana atachitidwa kale opaleshoniyo, imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma ikayesedwa bwino siyankha funso lathu. Imangotiuza kuti nthawi zina kudikira kumapindulitsa. Amenewo ndi masamu a wamalonda, osati chilungamo. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke amachitanso chimodzimodzi ndi ng'ombe yake yokoka ngolo: ikatsimphina amaisamala ngati akuona kuti ichira, koma akaona kuti siichira amaitana ogula nyama. Ngati chifukwa chokha chosungira wosewera ndi chiyembekezo choti adzatibwezera, ndiye kuti tamuika m'khola limodzi ndi ng'ombeyo. Ndipo tisaiwale kuti John yemweyo anachoka ku Dodgers nayamba kusewera ku New York Yankees mu 1979, kotero kuti zipatso zambiri za kudikirako anadya ndi ena. Kodi pamenepa tinene kuti a Dodgers analakwa kumusunga? Wowerengera phindu angatero. Woyang'ana umunthu sangatero.

Chitsanzo chothandiza kwambiri chili pafupi nafe, kwa anansi athu a ku Zambia. Enock Mwepu, amene anali mtsogoleri wa osewera a Chipolopolo, anagulidwa ndi timu ya Brighton ya ku England mu 2021. Mu Okutobala 2022, ali ndi zaka 24 zokha, madokotala anamupeza ndi matenda a mtima a kumtundu namuletsa kuseweranso. Apa panalibe chiyembekezo cha chigoli china ngakhale chimodzi. Ngakhale matendawo sanawatenge m'bwalo la timuyo, pakutha pa chaka chomwecho a Brighton anamupatsa ntchito yophunzitsa mpira ana aang'ono a m'sukulu yawo. Anamuchotsa pamndandanda wa osewera, koma sanamutaye. Zinthu ziwirizi nzosiyana, ndipo mkangano wonse umasokonekera chifukwa anthu amaziphatikiza. Palibe amene akunena kuti munthu woyendera ndodo apatsidwe jezi Loweruka likubwerali. Malo a m'bwalo ndi a amene angathe kuthamanga. Chimene chikufunsidwa ndi ichi: kodi ngongole ya timu kwa munthu imatha tsiku limene mwendo wake waleka kugwira ntchito?

Wina anganene kuti Brighton ndi timu yolemera ndipo nkosavuta kukhala wachifundo nkhokwe ili yodzaza. Zimenezo nzoona. Koma umphawi umachepetsa kukula kwa thandizo, suchotsa ngongole. Timu ya ku Dedza singathe kutumiza wosewera kwa madokotala a kunja, koma ingathe kumulipirira galimoto ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita osafika 100, kukaonana ndi odziwa za mafupa. Ingathe kumupatsabe gawo la malipiro mpaka mgwirizano wake utatha. Ingathe kumuika pachipata, kumupatsa ana kuti awaphunzitse, kapena kumulipirira maphunziro a uphunzitsi wa mpira. Mudzi wosauka suleka kuika maliro chifukwa chosowa bokosi lokongola. Umaika ndi chimene uli nacho.

Malamulo nawo sali chete. Lamulo la ntchito la dziko lino la m'chaka cha 2000 limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, ndiponso kuti amene wagwira miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi akulandira malipiro onse ndi masabata ena asanu ndi atatu akulandira theka. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwanso lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito. Vuto ndi lakuti mpira wathu wambiri, makamaka wa m'maligi ang'onoang'ono, umayendera mawu a pakamwa, ndipo mnyamata wopanda chikalata alibe poyambira. Komanso bondo lothyoka mtsempha silichira m'masabata 12. Limatenga miyezi yambiri. Pamene lamulo lalekezera mpamene khalidwe la atsogoleri limaonekera.

Anthu a chigawo chino mbiri yotere akuidziwa kale. Agogo ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ali anyamata amphamvu. Ena fumbi la m'migodi litawononga mapapo awo anabwezedwa kwawo kuti akadwalire m'manja mwa abale, migodi nkulemba ena. Zinatenga zaka zambirimbiri kuti makampani a golide avomere mu 2018 kupereka chipukutamisozi, ambiri mwa odwalawo atamwalira kale. Mtsogoleri wa timu amene amanyansidwa ndi mbiri imeneyi ayenera kudzifunsa ngati kutaya mnyamata wothyoka bondo kuli kosiyana nayo m'chenicheni, kapena kumangosiyana kukula.

Palinso china chimene wowerengera ndalama uja amaiwala. Osewera otsala ali ndi maso. Akaona mnzawo atayidwa amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena amayamba kubweza mwendo pamene pafunika kulimbirana mpira. Ena, ndipo awa ndiwo omvetsa chisoni, amabisa ululu, namwa mankhwala opha ululu mwakabisira, nalowa m'bwalo ndi bondo lotupa poopa kuchotsedwa. Kuvulala kumene kukanachira m'mwezi umodzi kumasanduka chilema cha moyo wonse.

Wovulalayo nayenso ali ndi mbali yake. Amene wathyoka mwendo posewera mpira wa m'mudzi wobetcherana ndalama, timu yake itamuletsa, sangafanane ndi amene anagwa poteteza golo la timuyo. Amene akukana malangizo a dokotala akudzichotsera yekha gawo lina la ufulu wake. Ndipo ikafika nthawi yoti madokotala anene poyera kuti sadzaseweranso, nkwabwino kuti auzidwe zoona msanga, pamaso ndi pamaso, kuti ayambe kufuna njira ina akadali wamng'ono, m'malo momusunga ndi malonjezo onama mpaka mgwirizano uthe, kenako nkungomva pa wailesi kuti jezi yake yapatsidwa kwa wina.