Kodi Khasu Limagula Dziko?

Ambiri a ife tidayamba kulidziwa dziko la America kudzera m'mafilimu a makauboyi. M'mafilimuwo ngolo zofunditsidwa nsalu zoyera zimalowera chakumadzulo, ndipo mwadzidzidzi pamwamba pa chitunda pamatulukira anthu okwera akavalo, nthenga zili kumutu, mauta ali m'manja. Oonerera amaombera m'manja mzungu wa mfuti, koma ndi owerengeka amene amafunsa kuti kodi ngolozo zikudutsa m'dziko la yani. Funso limeneli ndilo ndifuna tilisinkhesinkhe pano, pakuti likhudza chilungamo: kodi munthu angalande dziko la mnzake ponena kuti iye ndiye adzaligwiritsa ntchito bwino koposa?

Tiyambe taona m'mene dzikolo lidakulira. Pamene Britain idavomereza ufulu wa United States m'chaka cha 1783, malire a kumadzulo adali mtsinje wa Mississippi. Mu 1803 Pulezidenti Thomas Jefferson adagula chigawo cha Louisiana kwa Napoleon wa ku France pa madola 15 miliyoni, ndipo dzikolo lidakula kawiri. Texas idalowa mu 1845, Oregon mu 1846, ndipo mu 1848, itatha nkhondo, dziko la Mexico lidapereka California pamodzi ndi zigawo zina. M'zaka 65 zokha malire adachoka pa Mississippi nakafika ku nyanja ya Pacific. Koma taonani chodabwitsa: gawo lalikulu la malo amene Napoleon adagulitsa lidali m'manja mwa mitundu ya eni nthaka, amene azungu adawatcha Amwenye molakwitsa, ndipo iwowa sadafunsidwe kanthu. Kwathu kuno munthu wogulitsa mbuzi ya m'khola la mnzake tili nalo dzina lake.

Olanda malowo sadadzione ngati mbala ayi. Adali ndi zifukwa zawo, ndipo n'koyenera kuti tizimve bwino tisanaweruze. Mu 1845 mkonzi wina wa nyuzipepala, John O'Sullivan, adatchukitsa mawu akuti Manifest Destiny, kutanthauza kuti Mulungu adakonzeratu zoti mtundu wawo udzadze dziko lonselo. Chifukwa chimenechi sitichedwa nacho, popeza aliyense wosirira munda wa mnzake angathe kunena kuti Mulungu wamutuma. Koma padali chifukwa china cholemera, chochokera kwa John Locke, katswiri wa nzeru zakuya wa ku England. Iye adaphunzitsa kuti Mulungu adapereka dziko kwa anthu onse pamodzi, ndipo chimene chimasandutsa malo kukhala a munthu mmodzi ndi ntchito imene iye wathirapo. Wolima ndiye mwini. Tsono azungu adati: anthu awa amangosaka njati m'chipululu, pomwe malo odyetsa mlenje mmodzi angathe kudyetsa mabanja ambirimbiri a alimi, nanga n'chilungamo kuti nthaka igone pamene ena akufa ndi njala?

Tisafulumire kuwaseka maganizo amenewa, chifukwa nafenso timalemekeza khasu. Ndiponso si onse opita kumadzulo amene adali achuma. Lamulo la Homestead Act, limene Abraham Lincoln adasaina mu 1862, linkapereka maekala 160 kwa munthu wokhala pamalopo ndi kulimapo kwa zaka 5. Odzatenga malowo ambiri adali amphawi ochokera ku Ireland, Germany ndi Norway, ena adali akazi amasiye, ndipo ena adali anthu akuda omasulidwa ku ukapolo, amene mu 1879 adakhamukira ku Kansas kuthawa nkhanza za kumwera. Kwa anthu otere munda udali moyo weniweni.

Komabe mfundo iliyonse imayesedwa pa mlandu, ndipo mlandu woyesera mfundo ya Locke ndi wa mtundu wa Cherokee, umene unkakhala ku Georgia ndi madera oyandikana nawo. Anthu amenewa adali alimi a chimanga kuyambira kale, ndipo adachita zonse zimene azungu ankati ndizo chitukuko. Adamanga sukulu ndi zigayo. Mmodzi wa iwo, Sequoyah, adapeka zilembo za chinenero chawo cha m'ma 1821. Mu 1827 adalemba malamulo oyendetsera dziko lawo, ndipo mu 1828 adayamba kusindikiza nyuzipepala yotchedwa Cherokee Phoenix. Ena mwa olemera awo adafika potsanzira ngakhale choipa cha azungu, kusunga akapolo. Kukadakhala kuti khasu ndilo limapatsa umwini, anthu awa sakadakhudzidwa. Koma ku Georgia kudapezeka golide, ndipo mu 1830 Pulezidenti Andrew Jackson adasaina lamulo losamutsira eni nthaka kutsidya kwa Mississippi. Mu 1832 Bwalo Lalikulu la Milandu lidagamula kuti malamulo a Georgia alibe mphamvu m'dziko la a Cherokee, koma chigamulocho chidangothera papepala. Mu 1835 boma lidapangana ndi kagulu kochepa ku New Echota kuti dziko lonse ligulidwe pa madola 5 miliyoni. Mfumu John Ross adapereka chikalata chokana chokhala ndi maina pafupifupi 15,000, koma osamveka. Mu 1838 asilikali adawatulutsa m'nyumba zawo, ndipo mwa anthu pafupifupi 16,000, akuti okwana ngati 4,000 adafera m'misasa ndi pa ulendo wopita ku dera limene lero ndi Oklahoma. Njirayo mpaka lero imatchedwa Njira ya Misozi.

Apa ndipo paonekera poyera kuti mfundo ija idali chofunda chabe. Mlenje adalandidwa chifukwa salima. Mlimi adalandidwanso ngakhale ankalima. Chilema chachikulu cha mfundoyi n'chakuti woweruza ngati malo akugwiritsidwa bwino ntchito ndi yemweyo amene akuwafuna. Fisi sangakhale nkhoswe pa mlandu wa mbuzi. Ndiponso titaivomera mfundoyi, palibe munda umene ungatsale. Mwini thirakitala adzalanda wa khasu, popeza iye adzakolola zochuluka. Kenaka kampani ya migodi idzalanda wa thirakitala. Munthu wakumudzi amadziwa kuti tsala lili ndi mwini wake ngakhale pamera tchire, kuti dambo lodyetsako ng'ombe si malo ogona, ndi kuti nkhalango ya kumanda, imene siikolola ngakhale chitsononkho chimodzi, ndiyo yosakhudzika koposa. Ntchito ya nthaka siiyezedwa ndi matumba okha.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston adapereka kwa azungu zikalata za umwini wa malo aakulu ku mapiri a Shire, pa chifukwa chakuti adagula kwa mafumu, ena ndi nsalu ndi mikanda. Anthu okhala m'malowo adasanduka alendo olipira ndi thangata. John Chilembwe, amene adaphunzira ku Virginia m'dziko lomwelo la America, adaukira mchitidwewu mu 1915. Choncho powerenga za a Cherokee tikuwerenga mlandu umene agogo athu adaudziwa.

Nanga tsono mmphawi uja wa maekala 160, timuyese wolakwa? Ine ndiona kuti kulakwa kuli ndi misinkhu. Amene adaswa mapangano akudziwa, monga Jackson ndi anzake, ali ndi mlandu waukulu. Mayi wamasiye wolima tirigu ku Nebraska sadatume asilikali; komabe njala yake siidasandutse malowo kukhala opanda eni. Wogula mbuzi yobedwa mosadziwa sitimutcha mbala, koma mwini akatulukira, nkhani imakambidwa ndithu. Ndipo zidzukulu za lero, zimene sizidaphe munthu, zidalandira chuma pamodzi ndi ngongole yake, pakuti wolowa chuma cha malume amalowanso milandu yawo.

Akuluakulu adati mlandu suola. Mu 1868, pa pangano la ku Fort Laramie, boma lidalonjeza a mtundu wa Sioux kuti mapiri a Black Hills adzakhala awo. Golide atapezeka mu 1874 lonjezo lidaiwalika, ndipo ngakhale a Sioux ndi anzawo adagonjetsa George Custer pa Little Bighorn mu 1876, mapiriwo adalandidwa mu 1877. Patapita zaka 103, mu 1980, Bwalo Lalikulu lidavomera kuti kulandako kudali kosalungama ndipo lidalamula chipukuta misozi cha madola opitirira 100 miliyoni. A Sioux, ngakhale ambiri a iwo ndi osauka kwambiri, adakana ndalamazo, nati mapiriwo ngopatulika, sali pamalonda. Ndalamazo zakhala zikuswana mpaka kupitirira biliyoni imodzi, koma eni ake sadazilandire. Mu 2020 bwalo lomwelo lidagamulanso kuti malo amene a mtundu wa Creek adalonjezedwa ku Oklahoma sadathetsedwe ndi Nyumba ya Malamulo, kotero lonjezo lakalelo likadali ndi mphamvu.

Kukana kwa a Sioux kukutiphunzitsa chimene Locke sadachione. Akadalandira ndalama, kulanda kuja kukadasanduka kugula, ndipo mlandu ukadatsekedwa. Khasu limapatsa munthu ufulu pa zokolola zake, koma silimupatsa ufulu pa munda wa mnzake. Chopatsa ufulu umenewo ndi chilolezo cha mwini, choperekedwa popanda mfuti pakhosi. Ife amene tikuphunzira pano, mawa ena tidzakhala oyeza malo, oweruza milandu ndi okonza mapulani a chitukuko. Tsiku lina patebulo pathu padzafika mapu osonyeza malo amene akuti ngopanda ntchito. Tisanasaine, tidzayambe tafunsa kuti kodi akunena zimenezo ndani, nanga okhala pamalopo akuti chiyani.