Miyeso iwiri pa kamarau mmodzi

Kuno ku Bagamoyo, mu Moatize, nyanja ya mchere ili kutali. Kamarau wochokera ku Beira amayenda makilomita pafupifupi 600 kuti afike m'ng'anjo ya Tete, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Wouma amapirira. Koma wamuwisi, magetsi akazima usiku umodzi, amaonongeka mkati maonekedwe ali bwinobwino, ndipo mwana akadya m'mimba mumatseguka.

Achemwali anga, a mpingo wa Seventh-day Adventist, samukhudza n'komwe. Amatsata Levitiko 11, kuti zam'madzi zopanda mamba ndi zipsepse n'zodetsedwa. Ine ndimadya, makamaka wouma wothira mu nkhwani wotendera, ndipo sitikangana. Chondisowetsa mtendere chili pa Deuteronomo 25, pamene wamalonda akuletsedwa kusunga miyala iwiri yoyezera m'thumba mwake, waukulu ndi waung'ono.

Kamarau wopita ku Ulaya sachoka mu Mozambique wopanda chikalata cha bungwe la boma loyendera za nsomba. Fakitale imayenderedwa, madzi ndi ayezi zimayezedwa, kuzizira kumalembedwa, chifukwa a European Union salandira katundu wopanda umboniwo. Oyendera malonda a boma nawo amalowa m'masitolo ndi m'malo odyera, n'kutseka pamene papezeka uve. Ntchitoyi ndimailemekeza. Nanga mulu wa pathumba mumsika, kapena bokosi lokwezedwa paminibasi ya ku Zóbuè? Pamenepo woyendera ndi mphuno ya mayi wogulayo, basi.

Lamulo la miyala lija tinazolowera kulozetsa wogulitsa yekha. Ine ndikhulupirira kuti likukhudzanso dziko lonse. Ngati mimba ya wodya ku Lisbon itetezedwa chifukwa amalipira ndi yuro, pamene ya mwana wa wokumba malasha isiyidwa kwa mwayi, ndiye kuti tayeza anthu awiri olengedwa ndi Mulungu mmodzi ndi miyala yosiyana. Palibe amene anakhala pansi n'kukonza zimenezi, komabe tchimo lopanda mwini limapwetekabe mwana.

Sindikupempha kuti oyendera abwere kudzalanda katundu wa amayi a mumsika. Mpamba wawo ndi wochepa, ndipo kuwathamangitsa n'kulanga wosauka kawiri. Ndikupempha chipinda chozizira pamsika, ayezi wotsika mtengo, ndi woyendera wodziwa Chinyanja ndi Chinyungwe amene angaime pa benchi n'kumuuza wogulitsa kuti kamarau wosungunuka sabwezeredwanso mufiriji.